Pepani Sapoletsa Chilonda

Kwathu kuno kwa Maganga mwana amadziwa kusankha minga ya nsomba ndi lilime asanadziwe kulemba dzina lake. Tamuonani akudya utaka: nsomba ikulowera uku, minga ikutulukira uko, maso ali pa anzake amene akusewera pamchenga. Ntchito yonseyo ndi ya lilime, koma palibe amalithokoza. Timalikumbukira tsiku limene dzino laphonya mbamu n'kugwira mnofu wa mwini wake, kapena pamene munga wa chambo walasa kunsi kwake. Munthu amagwira tsaya, misozi ili lengelenge, anzake pamphasa akuti "pepani, pepani," ena akubisa chiseko. Pepaniyo ndi ulemu wabwino, koma akuluakulu adanena kale kuti pepani sapoletsa chilonda.

Njira zovulalira lilime kunyanja kuno sizisowa. Wina wadya mothamanga boti likumudikira. Wina wamwa tiyi wa padoko ali wowira, poti mwera wamuzizira usiku wonse. Asodzi amadula ulusi wa nayiloni ndi mano posoka ukonde, anyamata amatsegula botolo la Fanta ndi mano pofuna kuonetsa chamuna, ana amagwa mumtengo wa mango lilime lili pakati pa mano. Ngakhale pa kabaza, wokwera kumbuyo amene amakonda kucheza njira yonse amadziluma njinga ikagwa m'dzenje.

Mawu anga, adzukulu anga, ndi akuti chilonda chotere chimapola chokha, kawirikawiri pakati pa masiku 7 ndi 14. M'kamwa mumapola msanga kuposa pamwendo, chifukwa magazi amayendamo ambiri ndipo malovu amatsuka bala usana ndi usiku. Chimene chimakulitsa chilonda nthawi zambiri ndi ife eni ake, pofuna kuchithandiza ndi nkhanza. Ndipo chimene chimapha munthu ndi kusawerenga masiku.

Tiyambe ndi magazi, poti ndiwo amasokoneza mitu. Kabala kakang'ono ka palilime kamatulutsa magazi ochititsa mantha, ndipo akasakanikirana ndi malovu amaoneka ngati mtsinje. Sambani m'manja ndi sopo, tengani kansalu koyera, kanikizani pabalapo, ndipo mugwire mphindi 10 kapena 15 osasuzumira. Kusuzumirasuzumira ndiko kumachotsa magazi amene ayamba kuundana. Wovulalayo aweramire kutsogolo kuti asameze magazi, chifukwa amasanzitsa. Ngati pafupi pali ogulitsa madzi oundana, kutsopa kachidutswa kumachepetsa kutupa. Koma magazi akakana kusiya, kapena bala layasama, kapena dzino laboola lilime mpaka kuseri, kapena nsonga yagawikana, musadikire kuti kuche. Bala lotere amasoka kuchipatala, ndipo amasoka bwino likadali laliwisi. Wolasidwa ndi mbedza kapena chitsulo chadzimbiri anene zimenezo pofika, kuti aone ngati akufunika jekeseni wa kafumbata.

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ndi pamene ambiri amalakwitsa. Munthu amatenga galasi, atulutsa lilime, n'kuona kuti pabala paja pakutidwa ndi kanthu koyera kapena kachikasu, m'mbali mwake muli mzere wofiira. Pomwepo mtima umati myuu: mafinya! Amatenga mswachi kapena kamtengo ka machesi n'kuyamba kupala. Ayi, mwana wanga, amenewo si mafinya. Bala la pamwendo limauma n'kuchita nkhanambo yakuda, koma m'kamwa simuuma, choncho chophimba chake chimakhala chofewa ndi choyera. Pansi pa kanthu koyerako m'pamene mnofu watsopano ukumera. Mukakapala mwabweza chilonda pa tsiku loyamba. Masiku atatu kapena anayi oyamba chimawawa kwambiri, kenako ululu umayamba kuzilala, mzere wofiira uja umafota, chilonda chimanka chichepa kuchokera m'mbali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mankhwala oyamba ali kale m'nyumba mwanu. Theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'kapu imodzi ya madzi ofunda, osati otentha. Chukuchani m'kamwa pang'onopang'ono, lavulani, bwerezani mpaka kapu ithe. Chitani zimenezi mukatha kudya chilichonse komanso pogona. Musaonjeze mchere poganiza kuti ukachuluka ndiye uchiza msanga. Madziwo angomveka mchere monga msuzi wa ndiwo wothira bwino. Ndipo madzi ake akhale owiritsa kapena othira klorini uja amagawa alangizi a zaumoyo. Ndikudziwa kuti ife a m'mbali mwa nyanja tikadzuka timangotapa madzi ndi manja n'kuchukucha pomwepo. Nyanja ndi mayi wathu, koma m'mphepete mwake timachapiramo, timatsukiramo nsomba, ndipo ena, tisabisane, amadzithandiziramo. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sadalambalale madoko a Salima. Madzi amene simungamwe musawalowetse m'kamwa muli bala.

Kutsuka mano musasiye. Ambiri amaleka poopa ululu, m'kamwa n'kuyamba kununkha, tizilombo n'kuchuluka. Tsukani mofatsa, mswachi uzilambalala chilonda.

Pa zakudya sindichedwapo, chifukwa lilime lenilenilo likuuzani. Tsabola wa kambuzi, mandimu, nanazi, bwemba, malambe, mango osapsa othira mchere, zonsezi zidikire. Usipa wouma wokazinga, chimanga chokazinga ndi nzimbe zimakanda bala. Idyani phala la mpunga kapena la mgaiwa lozizira pang'ono, mbatata yophika, maungu, nthochi zakupsa, papaya, mazira, chambiko, nsima yofewa ndi msuzi wa nsomba yochotsa minga. Chachikulu n'chakuti musagone ndi njala chifukwa cha kachilonda, poti thupi losadya silimanga mnofu. Imwaninso madzi ambiri. Abale athu amene akusala m'mwezi wa Ramadan adziwe kuti m'kamwa mouma chilonda chimawawa koposa, choncho pofutulu ndi pa chakudya cha m'bandakucha asaumire madzi, ndipo ayambe ndi zofewa.

Tsopano ndifike pa nkhanza zija. Pali chikhulupiriro chakuti mankhwala osawawa sachiza. N'chifukwa chake mumaona munthu akukhutiza mchere wouma pachilonda mpaka misozi, wina akudontheza kachasu kapena sipiriti, wina phulusa, wina utomoni wa papaya wosapsa. Ena amafika pothira utomoni wa nkhadze, umene ngakhale pakhungu umatupitsa, nanji m'kamwa. Chofala kwambiri masiku ano n'chotenga piritsi la Aspirin kapena Cafemol n'kuliika pachilonda kuti lisungunukire pomwepo. Aspirin ndi asidi. Akakhala pamnofu wa m'kamwa amawotcha, ndipo mawa lake mupeza chilonda chachiwiri choyera mbuu, chachikulu kuposa choyamba. Enanso amagula makapisozi awiri pa okala, atsegula, n'kuwaza ufa wake pabala. Ufa umenewo udapangidwira m'mimba, ndipo chilonda chodziluma sichifuna makapisozi n'komwe. Kumwa makapisozi awiriawiri mwachisawawa ndiko kukuchititsa kuti tsiku lodwala zenizeni mankhwalawo asagwirenso ntchito.

Padoko lina kuno kudali mnyamata wa pachilimira amene adadziluma boti litawombedwa ndi funde. Kabala kake kadali ngati njere ya mpunga. Anzake adamupatsa uphungu aliyense wake: uyu kachasu, uyu mchere, uyu Aspirin. Iye, posafuna kukhumudwitsa aliyense, adachita zonse. Pofika kumapeto a sabata ankalankhula ngati wavumata mbatata yotentha, malovu ali chuchuchu, nsima osaiyandikira. Azakhali ake ndiwo adamulanditsa. Adamukhazika pakhonde, namulanda timapepala tonse ta mankhwala tinali m'thumba la malaya, nati, "Iwe, kuyambira lero ndi phala ndi madzi amchere basi. Wina akakupatsanso china, umuuze abwere adzandipatse ine." Adachira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Sindikunena kuti mupirire ululu ngati mwala. Panado alipo. Munthu wamkulu amwe mapiritsi 2 a 500 mg, pakadutsa maola 6 angathe kubwereza, koma asapyole mapiritsi 8 pa tsiku, ndipo asaphatikize ndi mowa. Wa ana amapereka potengera kulemera kwa mwanayo, choncho funsani anamwino, ndipo Aspirin mwana asapatsidwe. Uchi weniweni, kadontho pachilonda mukatha kuchukucha, umaziziritsa ndipo suwononga kanthu, koma khanda losakwana chaka lisalawe uchi. Kuchipatala kapena kufamase angakupatseni mankhwala ochukuchira a chlorhexidine. Ndi abwino, kungoti mukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali amadetsa mano. Jivi uja wofiirira, amene tonse tidakula tikupakidwa, ali ndi ntchito yake, koma wa m'kamwa amakhala wosungunula kwambiri. Wopaka pa zilonda za pamwendo akalowa m'kamwa angathe kuwotcha, ndiye musamangotapa m'botolo lililonse.

Komatu pali chilonda chimene mungachukuche mpaka mchere kutha m'nyumba, osapola. Yendetsani chala chosamba pa mano oyandikana nacho. Mukapeza dzino lobenthuka, lakuthwa ngati chigoba cha nkhono, kapena chitsa cha dzino lobooka, mwapeza mwini mlandu. Nthawi iliyonse mukalankhula kapena kumeza, lilime likudzicheka pamenepo. Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Dzinolo likasalazidwa, kumatidwa kapena kuzulidwa, chilonda chimatseka chokha m'masabata awiri. Musalipale nokha ndi tupa, ndipo musapite kwa ozula mano a pamsika.

Ndikudziwa kuti kunena n'kosavuta. Anthu a mano m'dziko muno ndi ochepa. Kwa zaka zambiri Malawi adalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano, ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja. Maphunzirowa adayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Zipatso zake zidzafika kumidzi pang'onopang'ono. Pakadali pano amene amatigwirira ntchito m'zipatala za m'maboma ndi aja amaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences. Kuchoka ku Senga Bay kukafika ku chipatala cha boma ku Salima ndi makilomita pafupifupi 20. Ndalama ya ulendo umenewo imapweteka, koma ndi yochepa poyerekeza ndi miyezi ya kusadya bwino.

Pali kudziluma kwina kumene mabanja amabisa, ndipo apa ndipempha mutchere khutu. Munthu akadzuka m'mawa lilime litalumidwa m'mbali, pa pilo pali magazi, thupi lili lophwanyika, mwina pogona panyowa, iye osakumbukira kanthu, kawirikawiri ameneyo wagwa khunyu ali m'tulo. Kuchiza chilonda chokha pamenepo n'kutaya nthawi, chifukwa mwezi wamawa adzadzilumanso. Khunyu si ufiti, si ziwanda, ndipo sapatsirana kudzera m'thovu kapena m'malovu monga timaopsezerana. Ndi matenda a mu ubongo, ndipo ena amawatenga atadwala malungo aakulu ali ana kapena atavulala m'mutu. Mankhwala ake, monga phenobarbital, amaperekedwa m'zipatala za boma, ndipo ambiri amene amamwa mosadumphitsa amasiya kugwa kapena amagwa mwa apo ndi apo. Kwa ife nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa kuposa kwa anthu a kumtunda, poti wogwa khunyu m'bwato kapena posamba amamira ngakhale m'madzi ofika m'mawondo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Banja limene likubisa matenda a mnyamata wawo kuti asachotsedwe pa boti likumukumbira manda m'madzi.

Ndipo mukaona munthu akugwa, chonde, musamulowetse sipuni, kamtengo kapena chala m'kamwa. Amati angameze lilime. Lilime silimezeka. Sipuniyo ndiyo imathyola mano n'kung'amba lilime, ndipo chala chanu adzachiluma osadziwa. Muchotseni pafupi ndi moto ndi madzi, muikireni chofewa kumutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Kukapitirira mphindi 5, thamangani naye. Mayi woyembekezera akakomoka n'kudziluma, kapena mwana wotentha thupi akachita chimodzimodzi, musayambe mwafunsa kwa asing'anga. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Za ana ndionjezepo pang'ono, poti nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Mwana wamng'ono sadziwa kuchukucha, amangomeza, ndiye mum'pukute m'kamwa ndi kansalu konyowetsa m'madzi amchere aja. Chimene muyang'anitsitse ndi kumwa. Akakana bere kapena madzi tsiku lathunthu, mkodzo n'kuchepa, musadikire masabata awiri amene ndanena aja. Mwana wonyentchera, kapena amene wangodwala chikuku, akachita chilonda m'kamwa chonunkha, tsaya n'kuyamba kutupa kapena kuda, ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe. Pali matenda otchedwa noma, ogwira makamaka ana a zaka 2 mpaka 6 osowa chakudya m'thupi, amene amadya tsaya m'masiku owerengeka. Bungwe la World Health Organization lidawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023. Akapezeka msanga amachizika ndi mankhwala wamba.

Nanga kuwerenga masiku kuja? Kalendala si yofunika. Amene mumapita ku mzikiti, werengani Lachisanu. Amene mumapita ku tchalitchi, werengani Lamulungu kapena Sabata. Mapemphero awiri akadutsa chilonda chikadalipo, yambani kukonza ulendo. Achitatu asakupezeni pakhomo. Galu wamkota sakandira pachabe: ndikulimbikira chonchi chifukwa khansa ya m'kamwa imakonda kuyamba m'mbali mwa lilime ndi pansi pake, malo omwewo amene timadziluma, ndipo poyamba imaoneka ngati kachilonda wamba. Ena amene idawagwira amakumbukira tsiku lina limene adadziluma, n'kumadzitonthoza kuti ndi pomwe paja. Kusiyana kwake n'kwakuti chilonda chodziluma chimawawa kwambiri poyamba n'kumachepa, pamene chinacho nthawi zambiri chimayamba osawawa n'kumakula. Mukachigwira m'mbali mwake ndi molimba, motukuka ngati mlomo wa mphika. Chimatuluka magazi mukangochikhudza. Pena pakhosi pamatuluka mwanabere wolimba wosawawa, pena khutu la mbali yomweyo limapweteka, pena lilime limachita dzanzi kapena kulemera. Banga loyera kapena lofiira losachoka mukapukuta nalonso ndi lokaonetsa. Kusawawa kusakunamizeni kuti zinthu zili bwino.

Amene ayenera kusamala koposa ndi osuta fodya ndi omwa mowa, makamaka ochita zonse ziwiri, poti fodya ndi kachasu zikakumana m'kamwa ngozi imachuluka kuposa chilichonse pachokha. Ndipo pano ndisaloze abambo okha. Amayi anzanga ndi agogo amene mumavumata fodya wopera pansi pa lilime kapena kuseri kwa mlomo, mumati inu simusuta. Fodya ameneyo amakhala maola pamnofu womwewo tsiku ndi tsiku, ndipo ena mumasakaniza ndi chidulo kuti aluse. Chilonda chikabuka pamalo pamene mumaika fodya, musachipatse ngakhale masabata atatu.

Si chilonda chilichonse chochedwa chimene chili khansa, ndipo n'chifukwa chake kukayezetsa kumapepuza mtima. Matenda a shuga amachedwetsa mabala. Kuchepa kwa magazi kumabweretsa zilonda zobwerezabwereza. Chindoko chimatha kuyamba ndi chilonda chosawawa m'kamwa, ndipo chimachizika ndi jekeseni. Chifuwa chachikulu nachonso, mwa apo ndi apo, chimatulukira palilime. Chitetezo cha m'thupi chikatsika ndi HIV, kawirikawiri m'kamwa ndimo mumayamba kuonetsa: zoyera ngati chambiko zomata palilime, zilonda zazikulu zosapola, kapena mabanga ofiirira kunkhama. Anamwino akakupemphani kuyeza magazi pamene inu mwabwera ndi lilime, musakwiye kuti akukuganizirani zoipa. Akufufuza chimene chikuletsa bala kutseka, ndipo amene ali kale pa ma ARV anene ngati akhala akudumphitsa.

Popita, yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi, kaya pa Maganga pomwepa, ndipo tengani buku lanu la kuchipatala. Tengani ndi wokuperekezani, poti wodwala lilime amatopa kufotokoza ndipo pamzere wautali amangoti "m'kamwa mukuwawa," n'kupatsidwa Panado, n'kubwerera. Nenani tsiku limene chidayamba, nenani zonse zimene mwathirapo, ndipo pemphani kuti akuunikeni ndi tochi komanso akugwireni pakhosi. Akakupatsani mankhwala, chilonda n'kukhalabe pakatha masabata ena awiri, bwererani ndi buku lomwelo, muonetse pamene adalemba, ndipo mufunse mwaulemu ngati sangakutumizeni ku Salima kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amatha kudula kachidutswa kakang'ono ka mnofu n'kukakayeza. Safunsa adadya phula. Akakufunsani za mowa, musachepetse mabotolo. Ndipo za fodya wa kuseri kwa mlomo uja muwauze ndithu, ngakhale amene wakuperekezaniyo akhale mpongozi wanu.